Mlendo Amene Anatha Nkhuku pa Laini

Anthu amati ine Deolinda ndine wouma manja. Azinena. Onena zimenezo sanakhale nafe pa Laini ya Nkhalamba chaka chimene mlendo mmodzi anatimalizira nkhuku, ndipo sadziwa kuti pa nyumba zonse zija, imene inamudyetsa bwino ndi ya woumayo.

Laini ya Nkhalamba ndi nyumba zisanu ndi imodzi za njerwa, zoyang'ana phiri la Tumbine, kumapeto kwa minda ya tiyi. Anazimanga mzungu wa tiyi kuti azisungamo ife amene misana inathera m'dengu, tisamapemphetse pageti la fakitale alendo ake akuona. Itabwera Independensiya mzunguyo anakwera galimoto osatsanzika, minda inapita m'manja mwa boma, koma ife anatisiya momwemo. Phoso linkabwerabe mwezi ndi mwezi pa thirakitala: ufa, nyemba, mchere, nthawi zina timafuta m'botolo. Silinali lambiri. Ukaphika mosamala linkakufikitsa, ukaphika mwachisawawa sabata yomaliza unkadya chinangwa chootcha.

Vuto linali abale. Atamva kuti kwa nkhalamba kumabwera ufa waulere, anayamba kutikonda kwambiri. Adzukulu amene sanatilonjerepo chibadwire ankabwera kudzationa, n'kukhala mpaka thumba litagona pansi. Ndiye Kamarada Jorge, mlembi wa komiti ya dera lathu, bambo wachinyamata wa njinga yopanda mabuleki, anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango. Tinakuwa ma viva athu otamanda chipani ndi mano ochepa amene tinali nawowo, kenako iye anaika lamulo. Pa Laini azikhala okhawo amene anagwira ntchito ya tiyi, pamodzi ndi akazi awo kapena amuna awo. Mlendo asapitirire phoso limodzi panyumba. Thirakitala ikabweranso, anyamuke. Ine ndinaomba m'manja kuposa onse, sindibisa.

A Laurindo anafika nandolo atayamba maluwa. Ndinawaona ndili pakhonde ndikusenda chinangwa: bambo wamtali, woonda, jekete lalikulu kuposa mwini wake, sutikesi yachitsulo yobiriwira ili pamutu. Analowa pageti n'kufunsa nyumba ya a Julião. Awiriwa anakumba msewu limodzi pa chibalo ali anyamata, ndiye atangoonana anagwirana manja osasiyana, uyu Chilomwe uyu Chinyanja, misozi ili mbwee. Ine ndinangoyang'ana sutikesi ija. Munthu wodzacheza n'kubwerera sasenza chinthu chotero.

Mai Domingas, akazi awo a Julião, anachita zimene aliyense wa kuno amachita. Anathamangitsa tambala wofiira mpaka kuseri kwa bafa n'kumupha. Mlendo anamukhazika pa mpando wotsamira, umene pa Laini ponse unalipo umodzi wokha. Anamupatsa madzi osamba m'manja atagwada, n'kumupititsira chakudya m'nyumba, mbale zovundikira, nthutumba ili pamwamba kuti aone kuti nkhukuyo yaphedwera iye. Ife ena masana tinkadyera pamodzi pansi pa mango, aliyense n'kambale kake ka ndiwo, kulawitsana ndi kunyozana kaphikidwe. Mlendo sadyera pamenepo. Mlendo amadyera mkati, chitseko chotsekako pang'ono, kuti asachite manyazi.

Masabata anapita, bambo sakunyamuka. Thumba la Mai Domingas ndinkaliona likufota. Phoso litayandikira ndinatenga mtedza wanga m'kalichero n'kupita nawo kwa mnzangayo, amene timaitanana naye kuti komadre.

"Komadre, kazingani uwu. Kamba wa mlendo wanu."

Kuno sitifunsa mlendo kuti apita liti, koma akamva fungo la mtedza wokazinga amadziwa yekha. Mai Domingas sanalandire. Anandigwira mkono n'kundikokera kuseri kwa nyumba.

"Komadre, tsitsani mawu. Munthuyu alibe kopita."

"Munthu wamkulu chonchi alibe kwawo? Anagwa kumwamba?"

Ndiye anandiuza. A Laurindo anali mkamwini ku Mongue moyo wawo wonse, pamudzi pa akazi awo, malemu Olinda. Nyumba anamanga ndi iwo, munda anatsegula ndi iwo, koma dothi linali la kuchikazi. Mwana anali mmodzi, anapita kumigodi osamvekanso. Mai Olinda atamwalira, mwambo wa maliro utatha, abale a mkazi anawasudzula mwaulemu: zikomo alamu, mwatisungira mlongo wathu, tsopano ndinu omasuka kubwerera kwanu. Anayenda wapansi mpaka ku Molumbo kumene anabadwira. Anapezako manda ndi nsungwi. Ena anamwalira, ena anawoloka mtsinje wa Ruo kalekale, ndipo amene akulima pamenepo tsopano sanamvepo n'dzina lawo lomwe.

"Thirakitala ikabwera, Jorge akawatulutsa, akagona pati?" anatero Mai Domingas.

Mtedza wanga ndinabwerera nawo.

Nzeru inachokera kwa Mai Domingas omwewo. Lamulo likuti phoso limodzi panyumba, nyumba tili nazo zisanu ndi imodzi. Tsiku limene thirakitala inabwera, a Laurindo anatsanzika kwa a Julião bwinobwino, kugwirana chanza, mukapereke moni kwanuko. Anasenza sutikesi, n'kutulukira kanjira ka kuseri kwa nkhokwe, kuzungulira m'mizere ya tiyi, n'kudzalowanso pageti. Anaima pakhomo pa a Florentino, nyumba yachiwiri, n'kuomba m'manja.

"Odi kuno."

A Florentino samva, ndiye anachita kuwatokosa akazi awo, Mai Berta. Anadzuka, kudabwa kwake ngati aona munthu wochokera ku Joni. "Aa, a Laurindo. Mwayenda bwanji? Kumudzi ali bwanji?" Munthu woti dzulo lake lomwelo anasuta naye fodya pamwala umodzi.

Mpaka pamenepo ine ndinkangoseka. Koma ndinangoona Mai Berta akwinya chitenje, akuthamangitsa nkhuku.

"Mai Berta, mwatani? Mlendo wanuyo mumamudziwa mpaka mkonono wake."

"Walowa pakhomo panga ndi sutikesi, ndi mlendo," anatero akupuma mwawefuwefu. "Mukufuna anthu adzati kwa a Julião anadya nkhuku, kwa Berta anadya nyemba?"

Apo ndi pamene zinasokonekera. Mai Domingas anapha imodzi, ndiye Mai Berta anapha ziwiri, ina tsiku lofika ina Lamulungu. Nyumba yachitatu, Mai Januária, munthu woti amayenda ndi ndodo, anapha ziwiri n'kuwonjezera bakha. Mpunga umene anthu ankabisira Khirisimasi unatuluka. Shuga wa ku Muloza, amene munthu unkachita kuwoloka naye malire utamangirira m'chiuno, anathera mu tiyi wa mlendo. Mpando wotsamira uja unkasamuka nawo nyumba ndi nyumba. Eni nyumba ankadya chigwada chopanda mafuta pansi pa mango, akunyambita milomo ndi kunyada, mlendo ali mkati akulimbana ndi ntchafu yekhayekha. Ndinawauza kuti mwapenga nonse. Anati Deolinda wayamba, kuuma manja kuja.

Kamarada Jorge sanali chitsiru. Pa ulendo wachitatu anafika a Laurindo akungolowa kumene pageti, sutikesi pamutu. Anaimitsa njinga ndi chidendene, n'kuyang'ana mlendo, n'kuyang'ana ife tonse tili ndandanda ngati sitikudziwa kanthu.

"Anganga," anatero chapansipansi, "maso ndili nawo. Lamulo ndinaika kuti ndikutetezeni, osati kuti muzisewera nalo bawo. Zungulirani, ine ndiyang'ana kumbali. Koma nyumba zikatha, zatha. Kuno n'kumalire, munthu wopanda mudzi akulu amafunsa za iye, ndipo ine ndilibe choyankha. Ndidzawalembera chikalata cha ulendo abwerere ku Molumbo."

"Ku Molumbo kuli nsungwi," anatero a Julião.

"Ndamva, agogo. Ndipezereni njira ina, ndidzaimva."

Nyumba yomaliza pa Laini inali yanga.

Tsono ine ndinali ndi nkhuku imodzi. Ndinaitola ili kamwanapiye, make atatengedwa ndi kabawi, n'kuilera m'dengu langa lakale la tiyi. Inakula yoyera, yonenepa, yoyenda modzikweza khosi lili m'mwamba, ndiye ndinaitcha Sinyora, pokumbukira mkazi wa mzungu uja. Amuna anga a José anamwalira kale kwambiri, ana sanakhale moyo. M'nyumba mwanga woyankhula naye anali Sinyora, ndipo ubwino wake sankayankha. Nkhuku zikamachepa pa Laini ndinkaona azimayi akumuyang'ana m'mbali, akumuyeza ndi maso. Ndinawauziratu kuti amene adzakhudze nthenga yake adzaona chimene chinandichotsetsa ntchito kwa kapitawo kawiri konse.

A Laurindo ananenepa. Jekete lija linayamba kuwakwana, masaya anatuluka. Koma ine amene ndimakhala pakhonde tsiku lonse ndinaona china. Bambo ankasowa mtendere. Akatola khasu kuti athandize kupalira kadimba ka kuseri, Mai Berta ankawalanda: "Ayi, alendo, khalani pansi." Akanyamula chidebe, wina ankathamanga kukawatsitsa. Amuna anzawo atakwera kukakonza denga la a Florentino, iwo anawasiya pampando wotsamira, chikho cha thobwa m'manja. Munthu amene anatsegula munda ndi manja ake, ankangokhala manja ali pamaondo, akuyang'ana phiri. Masana tikamaseka pansi pa mango, ndinkaona nkhope yawo pampata wa chitseko, akutafuna pang'onopang'ono, khutu lili kwa ife.

M'mawa wina ndinatuluka kukatsegulira Sinyora, n'kupeza munthu atanyonyomala pa khola. Anali a Laurindo, akumanga timitengo timene tinaguluka. Anadzidzimuka ngati ndawagwira akuba.

"Mukutani pa khola langa?"

"Pepani mai. Ndinaona pali mpata, ndinati vumbwe angalowe."

Ndinayang'ana ntchitoyo, mtima n'kundiyaka. "Ndiye mwamanga ndi chiyani ichi? Makoko a nthochi? Mvula ikagwa kamodzi zonsezi zidzaola. Munthu wamkulu, imvi mbuu, osadziwa kuti khola amamanga ndi luzi? Masulani. Luzi lili pa denga la kitchini apo. Ndipo musapondereze tsabola wangayo, muli ndi mapazi ngati makasu."

Nditamaliza ndinakumbuka kuti ndikukalipira mlendo wa eni ake. Ndinayembekeza kuti akwiya. Koma bambo anali akumwetulira, kumwetulira kwenikweni kumene sindinawaonepo nako chifikire.

"Mukuseka chiyani?"

"Palibe, mai. Kungoti chimwalirire Olinda palibe amene wandikalipirapo. Aliyense amangoti zikomo a Laurindo, pepani a Laurindo, khalani pansi a Laurindo." Anatenga luzi n'kuyamba kumasula zija. "Olinda ankati mfundo zanga ndimamanga ngati ndikuthawa mvula."

"Ankanena zoona."

"Eya, ankanena zoona." Anamanga mfundo imodzi, n'kuikoka kuti ndione. Kenako osandiyang'ana anati, "Musawauze anzanuwa, andichitira zazikulu. Koma nkhuku yandikola. Tsiku lija munaphika kalongonda, fungo linafika mpaka mkati mmene ndimadyeramo. Ndinameza malovu ntchafu ili m'manja."

"Bwanji osapempha?"

"Mlendo angapemphe kalongonda? Akanati ndikunyoza nkhuku yawo."

Ananena zoona. Kalongonda ndi nyemba zathu Alomwe, zazikulu, zakuda, zouma mutu. Umaziphika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kutaya madzi, kuthira ena, kusenda makoko, kutayanso madzi. Ukachita ulesi, wodyayo mutu umazungulira n'kumayankhula za kumanda. Zimatha nkhuni, zimafuna anthu awiri, ndipo ndi chakudya cha eni khomo. Palibe mayi wolongosoka amene angaike kalongonda patsogolo pa mlendo.

Kuchokera tsiku limenelo bambo ankabwera m'mamawa anthu asanatuluke. Lero akonza chitseko cha kitchini, mawa anola khasu. Ine ndinkawapeza zolakwa tsiku lililonse, ndipo sindinkachita kufunafuna, zinalipo. Ankachoka akumwetulira kukakhala pampando wawo wa alendo. Ndinene poyera: ndinazolowera. Ndikadzuka osamva kutsokomola kwawo kuseri, tsiku linkandiipira, Sinyora n'kumalandira mawu osamuyenera. Pa msinkhu wanga, ndi mawondo olira ngati chitseko, ndinachita nazo manyazi, koma zinali choncho.

Mvula yoyamba itagwa, nyumba yachisanu inamaliza gawo lake. Tambala wotsiriza pa Laini anali atadyedwa kale, moti m'mawa tinkadzuka ndi belu la kufakitale. Madzulo ake Mai Domingas ndi Mai Berta anabwera kwanga, atafunda zitenje mwaulemu ngati akudzapepesa maliro.

"Komadre, mawa thirakitala. Mlendo ndi wanu. Azigona kukitchini kwanuko, a Julião ayalamo mphasa."

"Ndikudziwa."

"Nkhuku yatsala imodzi pa Laini," anatero Mai Berta, maso ali pa khola.

"Sinyora safa."

"Deolinda, musatichititse manyazi. Munthuyu uno ndi mwezi wake womaliza. Ukatha akupita kunsungwi. Adzikakumbuka kuti nyumba yomaliza inamumana nkhuku?"

"Mwamudyetsa nkhuku miyezi yonseyi, zamuthandiza chiyani? Akupitabe kunsungwi, kungoti wonenepa."

Anachoka akung'ung'udza. Ndinamva Mai Berta akuti mtima wa mayi uyu ndi mwala wa pamtsinje. Koma mawu anga omwe ndiwo anali atandibaya ine. Ndinatenga mpeni n'kuunola. Kenako ndinatsitsa thumba la kalongonda n'kuyamba kusankha, ndikuganiza. Ndinaganiza za bambo uja akuyenda msewu wa ku Molumbo m'matope, sutikesi pamutu. Ndinaganizanso za lamulo la Jorge, mmene analinenera tsiku lija ndikuomba m'manja. Sinyora ankatola zogwa pansi, osadziwa kuti anthu amugawana kale ziwalo.

M'mawa thirakitala inabwera, inatsitsa matumba, inapita. A Laurindo anatsanzika nyumba yachisanu, anazungulira m'tiyi, n'kulowa pageti. Ulendo uno sanayende mwanthabwala ngati kale. Laini yonse inali pamakonde. Mai Berta anali atabweretsa kale mpando wotsamira n'kuuika pakhomo panga.

"Odi kuno."

"Lowani. Tsitsani chisutikesicho, mundigwetsera denga."

Anatsitsa. Anafuna kukhala pampando, ine n'kuukankhira kumbali ndi phazi. Pansi pakhonde ndinali nditaika zinthu ziwiri, mpeni wonola uja ndi nkhwangwa ya malemu a José. Ndinayankhula mokalipa kuti mantha anga asadziwike.

"A Laurindo, ine sindidziwa kuzungulira. Mukatola mpeniwo, gwirani Sinyora, ndikuphikirani bwinobwino, nthutumba pamwamba. Mudya mkati, mukhala pampando, mwezi ukatha ndikukazingirani mtedza. Mukatola nkhwangwayo, mtsuko wa kalongonda uli pamoto kuseriku ndipo nkhuni zatsala zitatu. Koma mudziwiretu. Pa khomo la mkazi wamasiye, mwamuna wowaza nkhuni si mlendo, ndipo si mlongo wanga. Ukamwini munauchitapo, mukuudziwa."

Ndinamva a Florentino akufunsa mokweza kuti akuti chiyani, Mai Berta n'kuwatseka pakamwa.

A Laurindo anayang'ana mpeni, anayang'ana nkhwangwa, n'kuyang'ana ine.

"Mai Deolinda, ine ndilibe kanthu. Ndili ndi jekete ndi sutikesi, ndipo m'sutikesimo muli bulangete ndi kolona ya Olinda basi."

"Ndakufunsani za katundu? Ndati nkhuni zatsala zitatu."

"Mukundimvera chisoni."

"Chisoni ndinakumverani mwezi woyamba, chinatha. Panopa ndikufuna munthu wokonza zimene mwakhala mukuwononga kuseriku. Komanso ndinazolowera chifuwa chanucho m'mawa. Musandinenetse kawiri pamaso pa anthu."

Anavula jekete. Analipinda bwinobwino n'kuliika pa sutikesi. Kenako anawerama n'kutola nkhwangwa, anaiyesa kulemera, nati mpini wake ndi wogwedera.

"Ndiye muukonze," ndinatero.

Mai Domingas ndi amene anayamba nthungululu, mawu ake okalamba othethekera, ena n'kulandira. A Florentino atawafotokozera m'khutu anaseka mpaka kutsokomola. A Julião anati iwo ndiwo nkhoswe ya kuchimuna, ndipo nkhaniyi iyende m'njira yake, afunsire bwinobwino ndi kukauza akatekisiti. Ndinati afunsire madzulo, panopa moto ukuzima.

Tsiku lonse linathera pa mtsuko uja. A Laurindo anapita kuphiri katatu kukatema nkhuni. Tinataya madzi oyamba, akuda bii, tinathira ena. Tinakhala pamphasa kusenda makoko, iwo akusenda mochedwa ngati akuwerenga, ine ndikuwauza. Utsi unatilowa m'maso tonse awiri.

Kamarada Jorge anafika dzuwa litapendeka, kuima ndi chidendene pafupi kugunda mango. Anapeza a Laurindo akutsika ndi mtolo wachitatu, malaya ali chonyowa, ine manja ali m'chiuno.

"Izi ndi nkhuni kapena ndiwo? Zaziwisi chonchi ziyaka? Mukufuna tidye mawa?"

"Mvula inagwa, mai."

"Inagwera inu nokha? Zouma zimakhala pansi pa thanthwe, aliyense amadziwa."

Jorge anatsokomola. "Anganga, ndabwera kudzakumbutsa kuti mwezi uno ndi womaliza. Koma kodi mlendo mumamulandira chonchi?"

"Mlendo wake uti? Pano palibe mlendo. Lamulo lako lija unati chiyani, mwana wanga? Amene anagwira ntchito ya tiyi, pamodzi ndi ndani?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana a Julião amene anali atavala kale tayi ya ukhoswe pa malaya ong'ambika. Anavula kapusi n'kukanda m'mutu. "Zenizeni, anganga? Osati zozungulira m'tiyi zija?"

"Funsa eni ake."

A Laurindo anatsitsa mtolo. "Kamarada, taonani mmene akundinenera. Mlendo amamunena chonchi?"

Jorge anaseka mpaka kugwira chishalo cha njinga. Anati ukwati ukachitika timuitane adzaone ndi maso, ndipo akufuna kudzadya nawo. Mai Berta anamuuza kuti abwere ndi nkhuku yake, kuno zinatha.

Kalongonda anapsa dzuwa lili pafupi kulowa kuseri kwa Mulanje. Ndinathira mchere ndi tsabola, n'kunyamula mtsuko wonse kupita nawo pansi pa mango. A Laurindo ananyamuka molunjika chitseko cha nyumba, mwa chizolowezi.

"Mukupita kuti? Anthu amadyera uku."

Anabwera n'kukhala pamwala pakati pa a Julião ndi a Florentino. Palibe anawagwadira. Madzi osamba m'manja anachita kudzitungira, mbale yawo inali yobenthuka m'mphepete. Mai Januária anawapatsira kachigwada kawo, Mai Berta tinyemba, n'kuyamba kukangana kuti zokoma ndi za ndani. A Laurindo anatapa kalongonda, anaika m'kamwa, anatafuna. Kenako ndinaona misozi ikutsika m'masaya onenepa aja, ikugwera m'mbale, iwo osasiya kutafuna.

"Tsabola wachuluka?" ndinafunsa.

"Wachuluka," anatero. "Muli ndi dzanja loipa, mai." Anatambasula mbale kuti ndiwonjezere.

Ukwati tinadalitsa pa kachalichi ka kufakitale chimanga chitafika m'chiuno. Pa chinkhoswe mbali ziwiri zimapatsana nkhuku zamoyo, ndiye a Julião anakagula katambala ku Muloza, ine n'kupereka Sinyora m'manja mwawo, mtima ukuwawa. Sinyora sanakhalitseko. Nyumba ya a Julião ili poonekera, ndiye dzuwa lisanalowe ndinangoona akubwera yekha m'mbali mwa makonde, khosi m'mwamba, katambala kaja kali pambuyo.

Nkhuku zonse zimene mukuziona pa Laini lero ndi zidzukulu zake. Mpando wotsamira unabwerera kwa a Julião. A Laurindo anaondanso pang'ono, ndipo mfundo zawo mpaka lero ndi zogwedera, ndimawauza tsiku ndi tsiku. Bulangete lija lili pabedi, kolona ya malemu Olinda ili pamsomali pafupi ndi ya a José. Sutikesi yobiriwira sinatulukenso pageti. Tinaiika kuseri kwa chitseko, yotsekula, n'kuyalamo udzu, ndipo Sinyora anaswera momwemo.